Ndinaima Pamzere wa Wina, Amuna Anga Akupikisana

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wa ku Golomoti, membala wa kopaletivu ya alimi a mpunga. Amuna anga ndiwo anali wapampando. Ntchito ankaigwira bwino, koma anayamba kugamula zinthu okha, mpaka kusankha wogula mpunga wathu osaitanitsa msonkhano.

Tsiku la chisankho cha wapampando, opikisana anaima kutsogolo atatifulatira, ife n'kumandanda kumbuyo kwa amene tikumufuna. Ine ndinakaima kumbuyo kwa mayi wina wa ku Mua. Amuna anga atatembenuka, anandiona pamzere winawo. Pachisankhocho amuna angawo anagonja.

Titafika kunyumba anandifunsa kuti, "Amayi, mwandichita zotani pamaso pa anthu onse aja?"

Ndinayankha kuti, "Abambo, pakhomo pano ndine mkazi wanu. Kuja ndine membala, ndipo mpunga wanga ulinso m'nkhokwe ija."

Nyengo yonse yokolola inatha asakundiyankhula bwino. Achibale awo mpaka lero amandipatsa moni wongogwedeza mutu.

Pamsonkhano wotsatira, amuna anga anakhala pabenchi ngati wina aliyense. Anakweza dzanja, n'kupempha kuti kuyambira tsiku limenelo tizivota mwachinsinsi. Tonse tinavomera, ngakhale ine ndemwe.