Ramu Yakuda ya a Lyimo

Ine, Mwajabu Kitwana, wa zaka 41, wa ku Kisarawe koma wokhala ku Ilala, wogulitsa zingwe ndi mabatire a foni kumsika wa Kariakoo, ndikunena izi:

Mshindo Kibwana, amene mwamutsekera, ndi mwamuna wanga. Amakonza makompyuta m'kachipinda komwe ine ndimagulitsiramo, mamita awiri kuchokera patebulo langa. Ndi munthu wochedwa pa chilichonse. Ngakhale tiyi amamwa atazizira.

Lachiwiri m'mawa kunabwera a Lyimo, ojambula mavidiyo a maukwati, atanyamula kompyuta yawo yaikulu ya patebulo. Anati ikuchedwa, iwonjezeredwe ramu, kachipangizo kooneka ngati chipeso kaja kamene kamathandiza kompyuta kugwira ntchito mwachangu. Mshindo atatsegula bokosilo, fumbi linakwera m'kuwala kwa pakhomo, ndipo ndinaliyang'ana likuyandama mpaka linatera. M'katimo munali ramu imodzi yokha, yobiriwira. Malo a inzake anali odzaza fumbi, moti Mshindo anachita kusesamo ndi kaburashi.

A Lyimo anatulutsa ramu yakuda m'kampango. Anati anaigula kwa munthu woyenda nazo m'manja pa siteji ya basi. Mshindo anaika ziwirizo pachikhatho, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Bwana, izi si zapachibale," anatero. "Yakudayi ndi yothamanga, yobiriwirayi ndi yapang'onopang'ono. Mukaziphatikiza, yothamangayo imadikira inzake. Zikamvana, zili bwino. Zikakana, zimakusiyani panjira."

A Lyimo anati, "Iwe, ndabwerera ulaliki ine? Ika basi!"

Mshindo anaika zonse ziwiri.

Mwamuna wanga ali ndi kachitidwe kake. Kompyuta iliyonse imene waikamo chachilendo amaiyatsira vidiyo ya nsomba za m'nyanja yamchere, n'kuisiya ikuyenda. Nsomba zikasambira mpaka madzulo osaima, ndiye kuti yachira. Nsomba zimenezi ndakhala nazo zaka zambiri. Pali imodzi yachikasu yomwe imatsalira m'mbuyo mwa zinzake, ndinaitcha Mshindo. Makasitomala akasowa ndimatsika nazo pansi pa madzi, kumene kulibe mahutala, kulibe thukuta, udzu ukungowerama uku ndi uku. Tsikulonso ndinatsika nazo.

Kumzikiti atangoitana pemphero la masana, a Lyimo anabwerera.

Mshindo anati, "Isiyeni mpaka madzulo chabe, bwana. Sindinaziwone ngati zamvana."

"Nsomba zakozo umukazingire mkazi wakoyo. Ine ndili ndi ukwati wa eni ake."

Anazula okha chingwe kukhoma. Yachikasu ija inali isanafike pakati pa galasi la kompyuta. Ananyamula kompyutayo n'kukwera nayo njinga yamoto.

Lachisanu m'mawa anabwera ndi wapolisi. A Lyimo anati ali mkati molumikiza vidiyo ya ukwati, galasi linasanduka la buluu, kompyuta n'kuzima, ntchito yonse n'kutayika. Anati m'bokosimo munali ramu ziwiri zobiriwira, ndipo Mshindo anaba imodzi n'kuikamo yakuda yachinyengo. Wapolisi anafunsa Mshindo ngati ali ndi mawu. Iye anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Unyolo unamupeza akupukutabe. Ndinamuyankhira ineyo, mokweza, mpaka wapolisiyo anati, "Mayi, mwamangidwa ndinu kodi?"

Yobiriwira inali imodzi. Ndinaiwona ndi maso angawa, ndipo fumbi la malo opanda kanthu aja linatera pa zingwe zanga.

Kompyutayo ili pashelefu kumbuyo kwanuko. Chotsanimo yakudayo, musiye yobiriwira yokha, muyatse nsomba. Vidiyo yake ndili nayo pa fulashi m'chikwamamu. Zidzasambira mpaka madzulo. Mukatero mubwezeremo yakudayo, mukhale pansi muziyang'ana. Musafulumire. Ndi zokongola, simutopa nazo.

Wapolisi wa pakhomo wandiuza kuti ndizipita kunyumba, chifukwa zinthu pano zimachedwa. Kariakoo yonse ikudziwa kuti ine ndine wothamanga, polankhula ndi poyenda pomwe. Koma ndikhala pabenchi panjapo kudikira mnzanga. Tiyi wake ndabwera naye. Podzatuluka adzakhala atazizira, monga amakondera.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Siginecha: Mwajabu Kitwana ______________