Mapepala amene Mbuzi inatafuna

Ine, Lexon Kamtengeni, wa zaka 56, wa m'mudzi mwa Kaphiri, Mfumu Yaikulu Kalumbu, m'boma la Lilongwe, wokhala ku Kawale, ntchito yanga yokonza makina a fotokope, ndikunena izi lero Lolemba pa 17 February 2025. Palibe wandiitana. Ndabwera ndekha pa nkhani ya Immaculata Nkhoma, amene ali m'chitokosi muno kuyambira Lachisanu.

Ndagwira ntchito zaka 19 pa shopu yosindikiza mapepala ya bambo Dalton Mphonde ku Old Town, mamita ngati 200 kuchokera pa geti la Msika wa Lilongwe. Immaculata wakhalapo zaka zinayi. Iye amayendetsa makina aakulu, ine ndimawatsegula akavuta.

Makinawo anabwera kuchokera kunja atatopa kale, ndipo kauntala yake inadutsa mapepala 6 miliyoni chaka chatha. Pa shopu timawatchula Mbuzi chifukwa amadya mapepala. Marola okoka mapepala anasalala ngati matayala a minibasi. Nyengo ya mvula mapepala amachita chinyezi n'kumamatirana, ndiye Mbuzi imakoka awiri kapena atatu nthawi imodzi, n'kujama. Ikasindikiza mapepala 2,000 mosapuma imatentha, imafuna mphindi 20 kuti izizire. Ndinalemba m'buku la shopu kanayi kuti pakufunika marola atsopano. Yankho la bwana ndikulikumbukira bwino chifukwa linali limodzimodzi kanayi konse: "Pukutani ndi sipiriti, a Lexon. Makina sadwala, amadwala ndi anthu aulesi."

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha chilembedwe bwino. Inki ya makinawa ndi ufa wakuda, timauti tona. Ufawo umagwera pa pepala, kenako pepalalo limadutsa pa hita kuti ufa umatirire. Pepala likajama lisanafike pa hita, zilembo zimaoneka ndithu, koma ukapaka chala zimafufutika, chala n'kuda.

Kuseri kwa makinawo, pakati pa makina ndi khoma, pali mpata wa theka la mita. Mumalowa ine ndekha. Mmenemo muli katoni imene ndimaponyamo mapepala ojama. Lachitatu lililonse ndimanyamula katoniyo kukapatsa Bibi Rukaiya, mayi wogulitsa mtedza wokazinga pa geti la msika, kuti azikulungira mtedza wawo. Takhala tikuchita zimenezi zaka 11, ndipo bwana akudziwa. Nthawi zambiri mumakhala mapulogalamu a maliro, makhadi a ukwati ndi mafomu osalembapo kanthu.

Lachiwiri pa 11 February, nthawi ya 8:30 m'mawa, kunabwera bambo Lawford Gondwe ochokera ku koleji ina yoyima payokha ya ku Area 15. Anabweretsa envulopu yomata ya mayeso olowera pa kolejiyo, oti alembedwe Loweruka. Olemba anali 900, masamba sikisi aliyense, onse pamodzi mapepala 5,400. Anatilanda mafoni n'kuwakiyira mu dirowa. Anatseka chitseko. Anabweranso ndi thumba lawo, ndipo anati pepala lililonse lowonongeka lilowe mmenemo, akawotche okha. M'chipindamo tinali atatu: iwo, Immaculata ndi ine.

Dzulo lake kunagwa mvula tsiku lonse, ndipo mapepala anali atagonera pansi pafupi ndi khoma. Ndinawakhudza, ndinadziwiratu kuti tsiku lidzakhala lalitali. Mbuzi inajama koyamba 9:40. Pofika 3:15 masana inali itajama ka 14.

Ikajama kutsogolo, Immaculata ankasolola pepala n'kupereka kwa a Gondwe. Ikajama kumbuyo, ndinkalowa ine mu mpata muja, kugwada, kutsegula kachitseko, kusolola. A Gondwe anakhala pa mpando kutsogolo, mamita atatu kuchokera pa makina, maso ali pa thireyi yotulukira mapepala. Kuseri sankaonako. Mapepala amene ndinasolola kumbuyo ndinawaponya mu katoni. Sindinabise, sindinaganizenso. Mawondo ankandiwawa, m'chipindamo munkatentha, dzanja linangochita zimene lakhala likuchita zaka zonsezi.

Nthawi ya 3:30 tinawerenga. Kauntala inati 5,441. Abwino anali 5,400, m'thumba munali 24. Anasowa 17. A Gondwe anafunsa kumene apita. Immaculata anayankha kuti Mbuzi nthawi zina imawerenga pepala isanalikoke, zimene ndi zoona. Ine ndinavomereza, ndinati, "Imanamanso imeneyi, bwana." Tonse tinaseka. Katoni sindinaikumbukire. Immaculata anasaina fomu yoti palibe pepala latuluka m'chipindamo, a Gondwe ananyamula katundu wawo n'kumapita.

Lachitatu pa 12 February, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndinanyamula katoni kupita nayo kwa Bibi Rukaiya monga mwa masiku onse. Sindinayang'anemo. Anandipatsa mtedza wodzaza dzanja, ndinabwerera ku shopu ndikudya.

Lachisanu pa 14 February, cha m'ma 11 koloko m'mawa, a Gondwe anabwera ndi apolisi awiri. Anati zithunzi za tsamba lachiwiri ndi lachisanu zikuyenda pa WhatsApp, mayeso aimitsidwa. Anatinso apeza kuti mng'ono wake wa Immaculata, Thoko, ali pa mndandanda wa olemba mayesowo, ndipo amuchotsapo. Anaonetsa foni yawo kwa bwana, ine ndili pambali. Ndinaona chithunzicho. Pepalalo linali ndi makwinya ang'onoang'ono ondondozana, amene amapangidwa ndi rola ikamakankha pepala loti laima. Theka la mmunsi zilembo zinali zofufutika. Pa kona panali banga la mafuta. Ndinadziwa pomwepo kumene pepalalo linadutsa.

Apolisi akumutulutsa, Immaculata anatembenuka pa khomo n'kunena kuti, "A Lexon, tawauzeni kuti Mbuzi imanama." Sindinayankhe. Ndinachita mantha, ndipo ndikuvomera. Ndinaganiza za zaka zanga, kuti munthu wa imvi ngati ine angandilembenso ntchito ndani m'tauni muno. Atachoka, bwana anatisonkhanitsa n'kunena kuti aliyense atseke pakamwa, nkhaniyi ndi ya amene anasaina.

Loweruka pa 15 February, 7 koloko m'mawa, ndinapita kwa Bibi Rukaiya. Ndisanafunse kanthu anayamba okha: "Achimwene, mapepala a ulendo uno ndi otani? Akudetsa m'manja. Makasitomala akuti ndikuwadyetsa makala." Anandionetsa zikhato zawo, zinali zakuda. Ndinawapempha katoni ija. Ndinafufuza pansi, ndinapezamo mapepala sikisi a mayeso aja. Enawo anali atapita kale ndi mtedza. Anandiuzanso kuti Lachinayi kunabwera mayi wina wovala bwino amene anagula mtedza kasanu pa ola limodzi, ulendo uliwonse n'kumasankha yekha pepala lomukulungira. Dzina lake sakulidziwa. Bibi Rukaiya sawerenga Chingerezi, ndipo ankangoyesa kuti mayiyo ndi woyembekezera, akulakalaka mtedza.

Mapepala sikisiwo ndinawaika mu envulopu, envulopuyo m'thumba la jekete. Ndinapita ku shopu. Cha m'ma 12 koloko masana kunabwera mayi ake a Immaculata atabereka mwana wa Immaculata wa zaka ziwiri. Ankachokera kuno ku polisi kumene anadzapereka chakudya. Anaima pa khomo, anakana mpando. Anati, "Bambo, mwana wanga amati inu ndi amene mumawadziwa makinawa m'kati mwake. Tandiuzani chimene chinachitika." Envulopu inali pachifuwa panga. Ndinawayankha kuti ndiona. Anandithokoza, anawomba m'manja, n'kumapita wapansi ku depoti. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Lamulungu sindinachite kanthu. Ndinapita ku tchalitchi, ndinabwerako, ndinakhala pakhonde.

Lero nthawi ya 7:30 m'mawa ndinawauza bambo Mphonde zonse, ndinawaonetsa mapepalawo. Anawayang'ana limodzi limodzi. Kenako anati nkhani ya katoni ikamveka, palibe sukulu kapena ofesi idzatipatsenso ntchito, ndipo bwino tidikire kaye, mwina Immaculata amutulutsa okha. Ndinati wagonamo kale masiku atatu. Anati, "A Lexon, mukakalowa pa polisi musabwererenso kuno." Ndinasiya makiyi a shopu pa tebulo lawo. Ndikutuluka, Mbuzi inali itajamanso ndi mapulogalamu a maliro, mwini maliro ataima pa kauntala akudikira. Ndinaidutsa.

Mapepala sikisiwo ndawapereka kwa ofesala amene akulemba mawu angawa. Onse ali ndi makwinya ofanana ndi a pa chithunzi chija. Ndawapempha kuti apake chala pa tsamba limodzi, apaka, chala chada. Pepala loti munthu walitenga pa thireyi n'kuliba silingatero, chifukwa limakhala litadutsa kale pa hita. Awa ndi mapepala ochokera kumbuyo kwa makina, ndipo kumbuyoko Immaculata sanapondeko tsiku limenelo. Buku limene ndinalembamo za marola lili pa shelefu ya pamwamba ku shopu, lachikuto chobiriwira, ngati likadalipo.

Bibi Rukaiya alibe mlandu, iwo anangolandira zimene ndinawapatsa. Thoko sindinamuonepo pa shopu mwezi uno. Mayi wogula mtedza kasanu uja sindikumudziwa. Anaponya mapepala mu katoni ndine, ananyamula katoni ndine, ndipo anakhala chete Lachisanu ndinenso.

Ndatopa. Ndatopa ndi kugwada kuseri kwa makina aja, ndipo masiku atatuwa anditopetsa kuposa zaka 19 zonse. Ndikupempha kuti Immaculata atuluke lero, mwana akumudikira. Ngati malo ake m'chitokosi akufunika munthu, ndabwera ndi juzi ndi mankhwala anga a BP.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga. Akuti ndisaine n'kudindanso chala pambali. Inki musavutike kuifuna, chala changa ndi chakuda kale.

Wopereka umboni: L. Kamtengeni ........................