Kachitsulo ka ku Jeremani

Tandiyankhani inu ophunzira: mwana wanga anabadwira kutsidya kwa nyanja, koma ndimayenda chotukumuka ngati ndinamubereka ndine. Musakande mutu, ndi galimoto.

Pamzere wogula mafuta, bambo wina wa tayi yofiira ananunkhiza kasitomala. Mayi wina amene anaima pafupi naye atanyamula chigubu anali atangonena kuti akufunafuna galimoto yogula.

"Gulani yangayi, mayi. Ndi ya ku Jeremani. Anthu a kumeneko akapanga chinthu, mdzukulu wanu adzachipeza."

"Achimwene anga amati za ku Japani sizimwa mafuta."

"Zitini zimenezo, mayi. Mbuzi ikangotsamira, chitseko chapindika. Iyi ikagunda mtengo, wopita kuchipatala ndi mtengowo."

"Nanga utsi ukutuluka kumbuyowu, bambo?"

"Ndi mphamvu imeneyo, yasowa pokhala."

"Umboni woti ndi ya ku Jeremani ulipo?"

Bamboyo anatsegula boneti ngati akuvundukula mkwatibwi, n'kuloza kachitsulo konyezimira komatidwa pambali pa injini.

"Werengani nokha. Amene anandigulitsa anandionetsa pomwepa."

Mayiyo anavala magalasi, anawerama, kenako anaweramuka pang'onopang'ono.

"Kachitsuloka ndi ka ku Jeremanidi, bambo. Koma mwachiona chithunzi cha singano ndi ulusichi? Ine ndine telala. Aka anachita kugulula pa makina osokera, ngati amene ndimapalasa tsiku ndi tsiku."

Mzere wonse unafa nalo phwete, bamboyo akulimbana ndi boneti yomwe inkakana kutsekeka.

"Musadandaule," anatero mayiyo. "Ikadzakana kulira, mudzabwere nayo kwathu izindithandiza kupinda mathalauza."