Dzanja Langa Linagwa Pabwalo la Gule

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene muwerenge kapena kumva mawu anowa. Linali Lachinayi, 3 koloko masana, pamene dzanja langa lamanja linagwa ndili pakati pa gule, mwana ali kumbuyo. Ine ndine NyaMhone wa kuno ku Nkhata Bay, mayi wa ana awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kuima pagulu kumandinjenjemeretsa, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Kwathu timayankhula Chitonga, choncho Chichewa changa muchikhululukire. Umboni wanga ndi wa matenda a mtima ndi mankhwala amene ndinkalephera kugula.

Ndiyambe kumbuyo pang'ono. Nditabereka mwana wachiwiri, Eliya, mtima wanga unasintha kagundidwe. Unkathamanga, kuima, kenako kuphiriphitha ngati nsomba imene angoiponya m'bwato. Ndikamakwera chitunda chochokera kudoko, beseni la usipa lili pamutu, ndinkapuma panjira ngati nkhalamba. Achipatala cha kuno ananditumiza ku Mzuzu, kuchipatala cholipira, ndipo adokotala anamvetsera pachifuwa panga nthawi yaitali. Anati kachitseko kena ka mumtima kanawonongeka ndi matenda a ndili mwana, aja a zilonda zapakhosi ndi kutupa maondo. Anati mtima ukamagunda mosokonezeka chotere magazi amaundana m'kati mwake, ndipo kantchintchi kamodzi kakathawira kumutu, munthu amafa ziwalo mbali imodzi.

Anandipatsa timapiritsi toletsa magazi kuundana, kamodzi madzulo aliwonse. Anatinso ndizibwera mwezi ndi mwezi kudzayezetsa magazi, chifukwa mankhwalawo akachuluka munthu amataya magazi osaleka, akachepa sagwira ntchito. Kuno kwathu sapezeka. Ndiye panali mtengo wa mapiritsi, mtengo woyezetsa, ndi basi yopita ndi kubwera. Ndinangothokoza m'Chitonga kuti "Yewo, adokotala," n'kutuluka. Ndinachita manyazi kuwauza kuti usipa wanga sungakwanitse zonsezo.

Bambo a ana anapita ku Joni ndili ndi pakati pa Eliya. Poyamba ankatumiza kangachepe, kenako kunangoti zii. Ndinagulitsa wailesi imene anasiya, ndinagulitsa bulangete, ndinagulitsa mbale zanga za ukwati. Zitatha izo ndinayamba kudula mapiritsi pakati ndi mpeni kuti akhalitse. Kenako ndinayamba kudumphitsa masiku. Kuyezetsa magazi ndinasiya.

Itafika nyengo yogula makadi atsopano a chipani, ndalama ya khadi ndinali nditaidya kale pa mankhwala. Sindikunena zoipa za munthu aliyense, lamulo ndi lamulo. Koma popanda khadi sindikanalowa mumsika, sindikanakweranso basi. Ndinayamba kugulitsa usipa kuseri kwa nyumba za anthu ngati wakuba, pamtengo umene wogula wanena yekha. Mphepo ya mwera itayamba, asodzi anasiya kulowa m'madzi, ndipo usipa womwewo unasowa. Mapiritsi anatha, botolo linatsala lopanda kanthu.

Masiku amenewo ndinkangodziyesa thupi. Ndikadzuka ndinkayamba ndafumbata manja, kugwedeza zala zakumapazi, kuitana dzina la mwana kuti ndimve ngati lilime likutembenuka. Ndinkayang'ana Maliya, mwana wanga woyamba, wazaka zinayi, n'kumadzifunsa kuti ndani adzanditembenuze pamphasa, ndani adzayamwitse mlongo wake. Pemphero langa silinali labwino, abale. Sindinkapempha kuchira. Ndinkati, "Ambuye, ngati mukunditenga, munditenge yense, musanditenge theka." Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, osauza munthu, chifukwa kupempha kunkandivuta kuposa kudwala.

Nthawi yomweyo amayi onse a m'dera lathu ankakonzekera magule a msonkhano waukulu wa ku Mzuzu. Ine ndinkajomba, chifukwa ndikavina pang'ono maso ankachita mdima. Koma kujomba gule anthu amakuona mwina, amati uli ndi maganizo ena. Amene ankatitsogolera anali Mayi Nachisale, atcheya a amayi, ochokera kuchigawo chapakati. Amuna awo anali kalaliki paboma pano, ndipo tinkangomva kuti akudwala, sitinkawaona. Mayiwo anali aatali, a mawu aakulu, ndipo ine ndikawaona kutsogolo ndinkakhota njira.

Lachinayi lija atcheyawo anatuma anyamata kudzanditenga. Ndinabereka Eliya, Maliya ndinamusiya kwa aneba, ndipo ndinakalowa pamzere. Ng'oma zitalira ndinavina nyimbo yoyamba, mtima ukuphiriphitha. Panyimbo yachiwiri tinkayenera kuomba m'manja. Dzanja lamanzere linanyamuka, lamanja linangolendewera ngati si langa. Ndinayesa kuyimba, pakamwa panangotuluka malovu.

"Iwe NyaMhone!" anakuwa Mayi Nachisale. "Wajomba sabata zonsezi, lero wabwera kudzaima ngati mtengo wa mbendera? Manja amenewo unabwereka?"

Amayi ena anaseka. Atcheya anabwera msangamsanga, ndipo ndinadziwa kuti tsopano afunsa za khadi. Atafika pafupi anandiyang'ana pakamwa. Ananyamula dzanja langa, n'kulisiya, ndipo linagwa. Anauza mayi wina kuti atsogolere nyimbo, anamasula mwana kumsana kwanga n'kumubereka okha, ndipo anandigwira m'chiuno kundichotsa pabwalo. Panjira ndinkalira chamumtima, poganiza kuti akupita nane kuofesi.

Anapita nane kunyumba kwawo, kuseri kwa maofesi a boma. Anandikhazika pampando, n'kutsegula chitseko cha kuchipinda. M'menemo munagona bambo wamkulu, woonda, pakamwa patapotoka, dzanja limodzi litapindikira pachifuwa. Anandiyang'ana ndi maso amoyo, koma mawu sankatuluka.

"Awa ndi amuna anga," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Anayamba ngati iwe. Dzanja linagwa akulemba, linabwerera lokha, ndipo tinaseka kuti ndi kutopa. Mapiritsi awo anali atasiya, amati ndalama zipite kusukulu ya ana. Sabata isanathe anagwa pakhomo paja."

Tili chikhalire, zala zanga zinayamba kuchita dzanzi, kenako zinagwedezeka. Lilime linamasuka pang'onopang'ono. Mayiwo anandifunsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauza munthu zonse, za mtima, za mpeni wodulira mapiritsi, za botolo lopanda kanthu. Za khadi ndinanena pomalizira, nditazolika.

"Ndiye unkadikira chiyani, mwana iwe? Kuti tidzakuyimbire pamaliro?" Anandikalipira ndithu, koma akupukuta Eliya mamina ndi nsalu yawo. "Tamvera. Mawa m'mawa lole ikunyamula amayi kupita ku Mzuzu kokayeserera gule. Iwe ukwera nawo ngati wosunga katundu, suvina. Ndikakutsitsa pachipata cha chipatala. Za khadi usiyire ine."

Ndinati ndilibe choti ndikalipire kuchipatalako, ndipo sindingathe kubweza.

"Ndani wanena zobweza? Ine ntchito ya chipani imandiyendetsa, ndipo bambowa amatsala okha mpaka msana kuchita zilonda. Atsikana amene ndimawalemba ntchito amathawa, amati n'zonyansa. Iwe uzibwera kudzawatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Zonyamula zolemera ayi, mtima wakowo ndaumva. Malipiro ako ndi mapiritsi ndi basi, mwezi uliwonse. M'manja sindikupatsa zambiri, ndakuona, ukagula ufa wa ana n'kuyambanso kudula mapiritsi."

Ndinagwada, koma mawu a Chichewa anandithawa onse. Ndinangoti, "Yewo ukongwa, ama." Iwo anati, "Dzuka, ungandigwerenso pano."

Abale, sindinachire. Mtima wanga ukadali wosokonezeka, ndipo adokotala anandikalipira kwambiri, anati chimene chinandichitikira pabwalo chinali chenjezo, ambiri salandira lachiwiri. Masiku ena ndimaopabe, makamaka ndikaganiza kuti mayiwa angadzasamuke kubwerera kwawo. Koma kuyambira ulendo umenewo sindinadumphitsenso piritsi, ndipo magazi ndimayezetsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lopotoka lija n'kuliyankha moongoka. Ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinkamuthawa panjira. Inu amene mukudula mankhwala pakati mwakachetechete, chonde musachite manyazi ngati ine. Uzani munthu, ndipo musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale la misozi yokhayokha.

Lachisanu m'mawa, litapita Lachinayi lija, ndinalawirira kunyumba kwa atcheya, lole isanabwere. Ndinathandizana nawo kutembenuza bambo aja, ndinawapukuta pakamwa, ndinawamwetsa phala pang'onopang'ono. Nditati ndinyamuke anatambasula dzanja lawo lamoyo, n'kugwira dzanja langa lamanja, lija linagwa, ndipo analifinya mwamphamvu. Inenso ndinawafinya.

Kenako ndinakwera lole, ndinakhala pakona pamwamba pa mitolo ya nsalu za amayi, Eliya ali pamiyendo. Titayamba kukwera mapiri a njira ya ku Mzuzu, amayi anayambitsa nyimbo. Palibe amene anandiuza kuti ndiombe m'manja. Ndinanyamula manja anga onse awiri, ndipo anakumana.