Chilembo Chimodzi pa Khadi la bana Lombe

Malemu amene agona patsogolo pathu, Mayi Prisca Nsofwa, amene ambiri munkawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba kuti bana Lombe, anabadwa pa 9 Juni 1979 kuno ku Mpika. Anali achitatu mwa ana asanu a Mayi Kangwa ndi malemu Bambo Nsofwa. Woyamba kubadwa ndine, Evaristo Nsofwa, mphunzitsi wopuma. Abale andipatsa pepalali chifukwa amati ine ndiye wodziwa kuwerenga. Mundipirire, anamalira, chifukwa zina zimene ndinene sizinalembedwe pano.

Malemu anayamba sukulu mu 1986. Anali ndi mutu, makamaka pa masamu, koma analekeza giredi 7 mu 1993, pamene makolo anasankha kuti ine ndipitirize ku koleji ya aphunzitsi. Sanadandaule. Ankangoti, "Achimwene akaphunzira ndiye kuti taphunzira tonse."

Mu Okutobala 1999 anamanga banja ndi Bambo Godfrey Katongo, okonza njanji, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Zaka zoposa makumi awiri malemu ankagulitsa chikanda ndi mphalabungu pa siteshoni. Amene munagulapo mukukumbukira pakamwa pawo. Munthu akatambasula dzanja kuti alawenso, ankamuuza akuseka kuti, "Kulawa n'kamodzi, bambo, kachiwiri ndi nkhomaliro." Kutchalitchi anali m'bungwe la amayi a Anna Woyera, ndipo maliro akagwa m'dera lino, ankafika ndi nkhuni pamutu ena tisanamve n'komwe uthenga.

Mu Ogasiti 2021 anamwino anabwera kudzayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Amayi ambiri ankachita manyazi, koma bana Lombe anaima patsogolo pa mzere, n'kukokanso anzawo awiri. Patapita masiku anakatenga khadi la zotsatira. Amuna awo atalephera kumva zolembedwazo, anabwera nalo kwa ine.

Apa pepala la banja likuti, "Kenaka anadwala nthawi yaitali." Ine sindiwerenga choncho.

Pakhadipo panali zilembo zitatu ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kuti chapezeka. Ndinaona H koyambirira, ndinaona V kumapeto, basi ndinalekera pomwepo. Ndinauza alamu anga kuti akazi awo ali ndi HIV. Alamu anakayezetsa, sanawapeze nayo, ndiye tonse tinati nkhani yadziulula yokha. Mabanja awiri anakumana pakhonde panga. Malemu anagwada pakati pathu n'kunena kuti, "Achimwene, anamwino anati si kameneko ayi. Anati ndi kachilombo kena, ndipo aona kachilonda koti ndikabwerera akakachotsa." Ine ndinayankha pamaso pa apongozi awo kuti, "Pakati pa iwe ndi ine, anapita kusukulu ndani?" Anthu anaseka.

Tinawaumiriza kuti atchule mwamuna amene anayenda naye. Anagwada masana onse osatchula dzina, chifukwa panalibe dzina loti atchule. Ife tinati ndi liuma. Madzulo ake anabwezedwa kwa mayi athu ndi chikwama chimodzi, ndipo khadilo ndinaliika m'thumba la jekete langa ngati umboni. Ndinene pano kuti ngakhale kakanakhala kachilombo kamene ndinatchulako, zimene tinachita zinali nkhanza. Ambiri mwa ife tikumwa mankhwala ake ndipo tili moyo, palibe amene anatigwaditsa pakhonde.

Nkhani inafika kusiteshoni iwo asanafike. Chikanda chinayamba kubwerera kunyumba chosadula, ndipo kutchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo ambiri. Mayi athu akawachonderera kuti abwerere kuchipatala, ankayankha kuti, "Pepala limodzi landipasulira banja, ndikatengenso lachiwiri?"

Chakumapeto kwa 2023 anayamba kutaya magazi ndi kumva msana. Anabisa, poopa kuti tinenanso zina. Mu Malichi 2024 anakomoka akuchapa, ndipo ine ndinawaperekeza ku Lusaka. Dokotala, mayi wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anafunsa ngati anayezetsapo kale. Ndinatulutsa khadi lija monyadira kuti ndinalisunga bwino. Iye anaika chala pa chilembo chapakati n'kunena kuti, "Bambo, ichi ndi P."

Anatifotokozera kuti HPV ndi kachilombo kofala kwambiri, kamene anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakhala nako nthawi ina osadziwa. Kamapatsirana pogonana, koma katha kukhala phee m'thupi zaka zambirimbiri, moti palibe angaloze kuti kanabwera ndi uje kapena chaka chakuti. Mwa ambiri kamatha kokha. Mwa ena kamakhalitsa n'kuyambitsa kachilonda pa khomo la chiberekero, kamene kakapezeka msanga kamachotsedwa, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kenaka anatembenuza khadilo. Kuseri kwake kunali tsiku loti malemu abwerere kuchipatala, 14 Sepitembala 2021. Ine ndinali nditalisunga zaka ziwiri ndi theka osalitembenuza.

Anawayeza HIV, sanawapeze nayo. Koma khansa inali itafalikira kale.

Pobwerera tinakhala mpando umodzi m'basi ulendo wonse wa ku Mpika. Ndinakonza mawu pa Kabwe, ndinawakonzanso pa Serenje, osatuluka. Malemu anali atamva zonse zimene dokotala ananena, koma chimene anandiuza ndi chakuti, "Achimwene, ndisendereni lalanje, manja anga alibe mphamvu." Ndinasenda.

Titafika ndinauza alamu anga tili awiri. Bambo Katongo analira ngati mwana, anapita kukagwada kwa akazi awo, ndipo anawadwazika mpaka tsiku lomaliza. Iwo anachita chamuna. Ine ndinkabwera ndi zipatso, n'kufunsa za mankhwala, n'kubwerera. Ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti mphunzitsi Nsofwa analephera kuwerenga zilembo zitatu. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 15 Okutobala 2024 m'mawa, ali ndi zaka 45.

Asiya amuna awo, ana anayi, Lombe, Shula, Chomba ndi Mpundu, mdzukulu mmodzi, mayi athu okalamba, ndi ife abale awo anayi. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawachepetsera ululu, anzawo a kusiteshoni amene anabwerera atamva kuti adwalika, amayi a Anna Woyera, adzukulu okumba manda, ndi nonse mwasiya ntchito zanu lero. Amayi, kayezetseni, ndipo amene sanamvetse khadi lake abwerere kwa amene analemba. Ana aakazi alandire katemera wa HPV.

Tsopano mverani, inu amene munali pakhonde panga ndi inu amene munamva kusiteshoni. Bana Lombe sanatchule dzina chifukwa sanachimwire banja lawo. Ananena zoona, ndipo amene anawatseka pakamwa ndine.

Prisca, mlongo wanga, ndinali ndi miyezi isanu ndi iwiri yoti ndinene liwu limodzi muli maso, sindinalinene. Ndikulinena lero pamene simungandiyankhe. Pepani. Mulungu akulandireni, muuse mumtendere.