A Kenani, Boti Lawo ndi Mwana wa Mlongo Wawo

Malemu Bambo Abisai Kenani, amene tabwera kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Juni 1922 kwa Kaphuka, m'boma la Dedza. M'mimba mwa amayi awo anabadwamo awiri okha, iwowa ndi mlongo wawo a Tecla. Sukulu analekezera Sitandade 3. Iwo ankati anaisiya okha, koma a Tecla ankati aphunzitsi ndiwo anayamba kutopa.

Mu 1941 anauyamba wapansi ulendo wodzafuna ntchito kuno, nafikira pa mgodi wa golide ku Penhalonga, pafupi ndi Mutare. Anayamba ndi fosholo, kenaka anaphunzira kukonza mapampu ndi mainjini mpaka anatchuka nazo. Mu 1950 anakwatira Mayi Jesca, Mmanyika wa kwa Mutasa, atapereka ng'ombe monga mwa mwambo wa kuno, chinthu chomwe kwawo ku Dedza akanachimva akanagwira pakamwa. Ukwati wawo unadalitsidwa mu mpingo wa CCAP, ndipo anakhazikika ku Tsvingwe.

A Tecla nawo anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito pa doko ku Beira, ndipo kumeneko anabereka mwana mmodzi, a Laison, amene anakula nakhala msodzi wa pa nyanja yamchere. Mu 1974, Apwitikizi akugulitsa katundu wawo pokonzekera kuchoka, malemu anagula boti la injini lophera nsomba ku Beira komweko. Anamfedwa, tisabise, a Kenani sankadziwa kusambira. Tsiku loyamba kukwera botilo anasanza mpaka asodzi anawabweza kumtunda. Komabe atabwerera ku Tsvingwe anavala chipewa choyera, ndipo dzina loti Kaputeni linawakanirira mpaka lero.

Boma latsopano la Mozambiki litalowa mu 1975, malemu anauzidwa kuti mlendo ngati iwo sangapatsidwe laisensi yophera nsomba zamalonda. Sanade nazo nkhawa. Analembetsa laisensiyo m'dzina la a Laison popanda mboni ina iliyonse. Anzawo atawachenjeza, anayankha kuti mwana wa mlongo sasainitsidwa pepala, pakuti kwathu ndiye mlowam'malo wa malume ake. Pamenepo anali Mchewa weniweni.

Mu 1976 malire a pa Forbes, olowera ku Mozambiki, anatsekedwa chifukwa cha nkhondo. Zaka zonse zomwe njira inali yotseka, a Laison ndiwo anasamala botilo, kulikonza ndi zitsulo zotola, kudyetsa nalo amayi awo ndi mabanja a asodzi anzawo.

Ufulu utabwera mu 1980 malire anatseguka, ndipo malemu anapita ku Beira atavala suti. Koma anapitako ndi mtima wina. Anali atakhalitsa kuno, kumene chuma cha bambo chimagwera mwana wake wamwamuna, ndipo apongozi awo omwe analandira ng'ombe zija ankawakumbutsa zimenezo. Choncho anauza a Laison kuti laisensi isinthidwe, ikhale m'dzina la mwana wawo woyamba, a Chrispen. Sanayambe n'kuthokoza komwe. Tinkawakonda bambo athuwa, koma apa anaphonya, ndipo nawonso anadzavomera.

A Laison anakana. Nkhani inalowa m'khoti ku Beira mu 1981. Ambiri a inu mukukumbukira mmene Kaputeni ankakwerera malole pa Forbes, njira ili yoopsa ndi zigawenga, Mayi Jesca akuwaletsa, iwo osamva. Akagwira chinthu sankachitaya. Mu 1983 khoti linagamula kuti boti ndi la a Kenani, koma laisensi ndi ya a Laison, ndipo singaperekedwe kwa munthu wakunja kapena kusamutsidwira ku boti lina. Wina anatsala ndi boti lopanda chilolezo, wina chilolezo chopanda boti. Onse awiri anachita apilo, ndipo botilo linakokedwera pamatope kudikira chigamulo china.

Chimene chinkawasowetsa mtendere malemu sichinali boti ayi. A Tecla anasiya kuwalankhula. Akafika ku Beira ankagona ku nyumba za alendo, mlongo wawo ali m'tauni momwemo. Mu Ogasiti 1984 a Tecla anamwalira, ndipo uthenga unafika ku Tsvingwe maliro ataikidwa kale. Mwini mbumba, woyenera kuimirira pa maliro a mlongo wake, anamva ngati munthu wapadera. Kuchokera pamenepo nthabwala zinatha pakamwa pawo, ndipo kutchalitchi anasiya kutsogolera nyimbo.

Kumayambiriro kwa chaka chino cha 1986 anayamba kudandaula chifuwa, matenda a fumbi la mu mgodi. Ali m'chipatala ku Mutare anaitana a Chrispen nawafunsa ngati akulifunadi botilo. A Chrispen, omwe amagwira ntchito kosungira mafuta a galimoto ku Feruka, anayankha kuti sanalipemphepo n'kale lonse, anangoopa kutsutsa bambo awo. Malemu analira. Tsiku lomwelo analamula kuti mlandu uchotsedwe m'khoti, ndipo anatuma dalaivala wina wa ku Beira kwa a Laison ndi mawu awa othetsa nkhaniyo, Chinyanja ndi Chishona ataphatikiza monga mwa chizolowezi chawo: “Kamuuze muzukuru wanga kuti nyaya yapera, boti ndi lake. Abwere ndimuone.”

Anadikira yankho akuyang'ana kukhomo kwa wodi. Yankho silinafike. Anatisiya Lachiwiri, pa 13 Meyi, osadziwa ngati anakhululukidwa.

Uthengawo unali utafika ndithu. A Laison ananyamuka atangoulandira, koma anakhala panjira kudikira asilikali operekeza magalimoto. Afika dzulo masana. N'chifukwa chake mwambo uno wachedwa: a Chrispen anakaniza adzukulu kuyamba kukumba mpaka mwana wa mlongo atafika kudzaloza malo a manda. Pa ichi Achewa ndi Amanyika sanatsutsane.

Banja likuthokoza mpingo wa CCAP, amayi a Mvano omwe akhala akutichezetsa ndi nyimbo, bungwe lathu lothandizana pa maliro, anamwino, anzawo a ku mgodi, adzukulu, ndi dalaivala amene anasunga mawu a munthu wodwala nawafikitsa.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Jesca Kenani, ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Ana obereka okha ndi anayi. Koma ali gone m'chipatala anatilamula mmene tidzawerengere ana awo pa tsiku ngati lino, ndipo ife sitingawakanire. Asiya ana asanu: woyamba a Laison, kenaka a Chrispen, a Millicent, a Annah ndi a Joice.

A Laison, musaime kumbuyoko. Bwerani mudzakhale pafupi ndi amayi anu, Mayi Jesca.

Pitani bwino, a Kenani. Mzimu wanu uuse mumtendere.