Mathanki Ovala Nsalu

Olemekezeka a wapampando wa komiti ya chipatala, a dokotala wamkulu, mayi namwino wamkulu, mayi injiniya ndi gulu lanu, inu amene munapereka thandizoli, ndi inu amayi amene mwakhala pamzere wa katemera uko, landirani ulemu wanga.

Pachipata palembedwa kuti kuyambira lero furiji ya katemera pachipatala chino sidzazimanso. Amenewo ndi mawu akuluakulu, ndipo ndawawerenga nditavula chipewa.

Simunandiitanire sukulu, poti yanga inathera ku sekondale. Mwandiitana chifukwa ndinakalambira m'nyumba yosungira masilinda a gasi. Tinkawanyamula ngati mwana wogona, pakuti mpweya wake unali wopanikizidwa koopsa. Tsiku lina silinda inagwa pagalimoto, mutu wake n'kuthyoka, ndipo inauluka mpaka kuboola khoma. Mlamu wanga anali pafupi, ndipo mpaka lero amamvera khutu limodzi. Mlongo wanga amati logonthalo ndi lomwe amamutchera iyeyo.

Mwasekatu, koma n'chifukwa chake mathanki atsopanowa andikhazika mtima pansi. Magetsi a dzuwa amagawa madzi, n'kutuluka mpweya wotchedwa haidirojeni. M'mathankimo muli ufa wachitsulo umene umamwa mpweyawo monga siponji imwera madzi, osafunika kuupanikiza kwambiri. Dzuwa likabisala, ufawo umabweza mpweya, makina n'kuusandutsa magetsi. Koma pobweza thanki imazizira, ndipo ikazizira kwambiri imasanduka woumira, sipereka kanthu. Imafuna fani iziiuzira mphepo yofunda.

Dzulo a komiti, pofuna kutilemekeza, anakuta mathankiwo ndi nsalu zokongola, anamanga maliboni, n'kuthimitsa fani kuti malibonio asauluke. Sindikuwadzudzula. Anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndipo palibe amene amaonetsa alendo chinthu chatsopano chili chosavala. Kungoti lero kwacha ndi mitambo.

Nditafika m'mawa ndinapeza mayi injiniya ataima pakhomo la chipinda cha mathankiwo, manja ali m'chiuno.

"Bambo, mathanki anga akunjenjemera m'kati mwa suti," anatero.

"Bwanji osawavula, mwanawe?"

"Akuti mpaka inuyo mudule liboni."

Mayi namwino wamkulu anandikoka jekete. "Achimwene, mwalemba mawu ataliatali kodi? Ana anga aja abwera kuchokera kutali, furiji yazima, ndipo katemera akatentha timataya."

Choncho mawu otsala ndawapinda m'thumba. Ndithokoze amene munapereka, amene munamanga, ndi amene munakongoletsa, pakuti chikondi chanu chaoneka, ngakhale chafunda pang'ono kuposa muyezo. Ndipatseni sizasi. Ndikulengeza kuti chipinda cha haidirojeni chatsegulidwa. Mayi injiniya, musadikire kuti m'manja muthe kuombedwa, thamangani mukayatse fani.

Zikomo kwambiri pondimvera. Zakumwa zanu mumwa zotentha, chifukwa m'bokosi la ayezi muli katemera.